Bwanji "heavy rain" koma osati "strong rain"?

Tadala, Mufakose: Moni nonse. Aphunzitsi amene muli pagulu pano ndithandizeni. Mng'ono wanga akulemba mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, mu November, ndipo chimangirizo chake chabwera ndi mizere yofiira pa mawu amene ine ndikuona ngati ali bwinobwino. Analemba kuti "There was strong rain and I did a big mistake of leaving my umbrella." Adula mzere pa "strong", adulanso pa "did". Sipelo ili bwino, tensi ili bwino. Cholakwika n'chiyani?

Aphunzitsi Banda, Highfield: Tadala, chachikulu chimene mwanayo waphonya ndi chimene pa Chingerezi amati collocation, kutanthauza mawu amene anazolowerana, oyendera limodzi. Mvula yambiri Mngerezi amati "heavy rain". Mawu akuti "strong" amayenda ndi mphepo, tiyi, fungo: "strong wind", "strong tea", "a strong smell". Kulakwitsa ndi "make a mistake", ndipo "do" alibe malo pamenepo. Chiganizocho chikanakhala chotere: "There was heavy rain, and I made the mistake of leaving my umbrella at home."

Tisanati Chingerezi n'chovuta, tiyang'ane Chichewa chathu chomwechi. Mbale timatsuka, zovala timachapa, thupi timasamba, kumaso timasukusula. Mngerezi zonsezi angathe kungoti "wash". Tsono mzungu wophunzira Chichewa akanena kuti akukachapa mbale, mumva ndithu chimene akutanthauza, koma museka. Palibe lamulo limene waswa, wangoika mneni pambali pa dzina limene si mnzake. "Strong rain" imamveka choncho m'khutu mwa wochonga mayeso.

Amalume Kamanga, Mabvuku: Kkkk kuchapa mbale. Onjezerani izi aphunzitsi: mtolo timasenza, mwana timabereka, thumba timanyamula. Nkhwani timathyola, mbatata timakumba, chimanga timakolola. Ana obadwira muno mu Harare amasokonezanso zimenezi, nanga si Chishona chalowerera. Ndiye vuto si la Chingerezi chokha.

Aphunzitsi Banda, Highfield: Zoona amalume. Ndipo palibe amene anatiphunzitsa ndi lamulo kuti mbatata sitithyola. Tinangomva kambirimbiri mpaka khutu linazolowera.

Ndiyambe ndi "make" ndi "do", poti ndi pamene ana ambiri amataya malikisi. Ife m'tauni masiku ano "kupanga" kunameza "kuchita", timangoti ukupanga chiyani, ndapanga ngozi, tapanga msonkhano. Mwana akafika pa Chingerezi amangotola chilichonse mwa ziwirizo.

Kawirikawiri "make" amabwera pamene pakubadwa chinthu chimene panalibe:
"She made a decision to leave."
"He made a promise and kept it."
"They made a profit of fifty dollars."
"Don't make a noise, the baby is sleeping."
"I need to make a phone call."
"We have made good progress."

"Do" amayenda ndi ntchito, makamaka ya tsiku ndi tsiku:
"I do my homework before supper."
"She does the washing on Saturdays."
"We do business with a firm in Msasa."
"Do your best."
"The students did research on malaria."

Koma kalamulo kameneka musakakhulupirire kwambiri. Poyala bedi amati "make the bed" ngakhale simukukhoma bedi latsopano. Mvula ikawononga amati "The storm did a lot of damage". Pempho ndi "Can you do me a favour?" Zotere n'zongoloweza, chiganizo chonse chathunthu.

Tadala, Mufakose: Nanga "I did an accident" ndi "I made an accident", cholondola n'chiti?

Aphunzitsi Banda, Highfield: Zonse ziwiri n'zolakwika mwanangu. "I had an accident." Kapena "The bus was involved in an accident." Amene wachititsa ngoziyo ndiye "He caused an accident."

Mayi Nangozo, Dzivarasekwa: Magetsi angobwera kumene kuno, ndiye ndapeza zayamba kale. Ndiwonjezere za kuchipatala, poti pagulu pano pali anamwino angapo amene akukonzekera mayeso a Chingerezi a OET (a ogwira ntchito zachipatala) ndi IELTS.

Woyamba ndi "kumwa". Ife timamwa mankhwala, anzathu a Chishona nawonso amati kunwa mushonga, ndiye "drink medicine" imatuluka yokha. Mngerezi amati "take", kaya ndi mapilitsi kaya ndi mankhwala amadzimadzi: "Take two tablets three times a day after meals." Phala nalo ife timamwa, iwo "eat porridge" kapena "have porridge".

Wachiwiri ndi "kumva", ndipo uyu ndiye woopsa chifukwa kwa ife amagwira ntchito zinayi. Timamva phokoso, timamva ululu, timamva fungo, timamva chinenero. Pa Chingerezi n'zosiyana zonse:
"I heard a noise."
"I feel pain in my lower back."
"I can smell gas."
"She understands Shona but cannot speak it."
Wodwala akati "I am hearing pain" ife timamva, koma wochonga mayeso samva.

M'kalata ya OET, imene mumalemba mawu 180 mpaka 200 m'mphindi 45, aperekezi, timawu monga "to", "with" ndi "of", ndi amene amagwetsa anthu. Taonani awa:
"He was admitted to hospital with pneumonia." Malo ndi "to", matenda ndi "with".
"She complained of chest pain." Ululu ndi "complain of". Mukalemba "complain about" zikumveka ngati akudandaula za chakudya cha mu wodi.
"He is allergic to penicillin."
"She was diagnosed with diabetes."
"He suffers from asthma."
"The patient was discharged on Monday."
"Please monitor her blood pressure."
Bala ndi "dress a wound", magazi ndi "take a blood sample", kutentha thupi ndi "a high temperature" kapena "a high fever", osati "big fever". Ululu nawo uli ndi afotokozi ake: "a sharp pain" ndi wobaya, "a dull ache" ndi wophwanya chamumtima, "a throbbing headache" ndi mutu wogunda ngati ng'oma. Mukasinthanitsa, dokotala wolandira kalatayo aganizira matenda ena.

Madalitso, Avondale: Amayi, bungwe la anamwino ku UK, NMC, limafuna ma giredi anji? Anthu amanena zosiyanasiyana.

Mayi Nangozo, Dzivarasekwa: Pa OET ndi B pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndipo C+ pa kulemba. Pa IELTS Academic ndi 7 pa zitatu zomwezo, 6.5 pa kulemba. Koma musanalipire mayeso yang'anani patsamba lawo, chifukwa malamulo amasinthidwa nthawi ndi nthawi.

A Mbewe, Glen View: Pa IELTS pomwepo ndiikepo mawu. Kulemba amachonga pa zinthu zinayi zolemera mofanana, ndipo chimodzi ndi Lexical Resource, kagwiritsidwe ntchito ka mawu. M'malongosoledwe a Band 7, kutanthauza giredi 7, mawu oti collocation alembedwamo ndithu. Choncho si nkhani yokometsera chabe, ndi gawo la malikisi.

Pa Task 1, pamene mumafotokoza girafu m'mawu osachepera 150, ziganizo zimene zimafunika n'zochepa koma zimafuna kusamala:
"Prices rose sharply in March."
"Sales fell slightly and then remained stable."
"The figure reached a peak of 80 per cent."
"There was a steady increase in the number of passengers."
Msampha uli pa "by" ndi "to". "The fare rose by one dollar" ndiye kuti yawonjezekera ndi dola imodzi. "The fare rose to one dollar" ndiye kuti tsopano yafika pa dola imodzi. Kamperekezi kamodzi kasintha nambala yonse. Chimodzimodzi "in" ndi "of": "an increase of 10 per cent in the price of bread". Nambala imatenga "of", chinthu chimene chakwera chimatenga "in".

Ndiponso mtengo sukhala "expensive". Katundu ndiye "expensive" kapena "cheap", mtengo ndi "high" kapena "low". "Tomatoes are expensive at Mbare Musika this week." "The price of tomatoes is high." Ife timati mtengo wodula, n'chifukwa chake "expensive price" imaterereka pakamwa.

Amalume Kamanga, Mabvuku: Nanga za kombi bwanji? Tsiku lililonse ndimamva "I will drop at Copacabana."

Aphunzitsi Banda, Highfield: M'kombimo nenani momwemo amalume, hwindi, kondakitala uja, akumvani. Papepala la mayeso ayi. Kutsika ndi "get off": "I got off at Copacabana." Woyendetsa ndiye amakutsitsani: "The driver dropped me off at Market Square." Kukwera si "climb", pokhapokha mukukwera padenga pake. "I got on the bus", "I caught the last kombi to Kuwadzana", "We boarded the bus at Mbare". Galimoto yaing'ono ndi "get into" ndi "get out of". Basi ikakusiyani ndi "I missed the bus". Mzere wa magalimoto wa pa Seke Road madzulo ndi "heavy traffic", mofanana ndi mvula ija. "Heavy" ameneyu ali ndi abwenzi ambiri: "a heavy smoker", "heavy losses", "a heavy fine", "a heavy sleeper".

Ina ya m'nyumba: wailesi timatsegula, ndiye mwana amalemba "open the radio". Zamagetsi zonse ndi "switch on", "turn on", "switch off", "turn off". Magetsi akapita, "The power went off at five" kapena "There was a power cut".

Mayi Phiri, Waterfalls: Ine ndilankhule za mu ofesi, chifukwa kalata yofunsira ntchito imaweruzidwa pa mizere iwiri yoyamba.

Pali aneni anayi amene anthu amawamatira mperekezi amene safunika: "discuss about", "request for", "emphasise on", "comprise of". Chifukwa chake n'chosavuta. Mayina a aneni amenewa ndi amene amatenga mperekezi, ndiye khutu limasakaniza ziwirizo. Ziikeni pambalipambali muone:
"We discussed the budget." koma "We had a discussion about the budget."
"I requested leave." koma "I submitted a request for leave."
"She emphasised punctuality." koma "She placed emphasis on punctuality."
"The team comprises six people." koma "The team consists of six people."
Chomalizachi chasiyana pang'ono, apo "comprise" akubera "of" kwa mnansi wake "consist".

Zina zofunika tsiku lililonse:
"I am writing to apply for the post of accounts clerk." Ntchito ndi "apply for", kampani ndi "apply to".
"I look forward to hearing from you." Osati "to hear". "To" ameneyu ndi mperekezi, ndiye mneni wotsatira amatenga "ing".
"The meeting will be held on Friday." Msonkhano amati "hold", "attend", "chair", "postpone", "call off".
"Who is taking the minutes?"
"We failed to meet the deadline."
"Please settle the outstanding balance."
"She is responsible for petty cash."
"He is on leave until Monday."
"Cope up with" kulibe, ndi "cope with". "Reply back" ndi "return back" n'kubwereza, "back" ali kale m'kati mwa mneniyo.

Ndipo chonde, "advices", "informations", "equipments", "furnitures", "feedbacks" kulibe. Mawu amenewa sawerengeka. Mukafuna kunena chimodzi muziti "a piece of advice", "an item of furniture". Zambiri ndi "a lot of information", "some equipment".

Tadala, Mufakose: Amayi, nanga "borrow me your pen"? Aliyense kusukulu amatero.

Mayi Phiri, Waterfalls: Imachokera kwathu komweko. Ife timati ndibwereke cholembera, ndipo timatinso ndabwereka cholembera kwa uje. Mneni mmodzi, mbali zonse ziwiri. Mngerezi anazigawa. Wolandira: "May I borrow your pen?" "I borrowed money from my sister." Wopereka: "Please lend me your pen." "The bank lent him two thousand dollars." Kumbukirani "borrow from", "lend to".

A Mbewe, Glen View: Mnzake wa "borrow me" ndi "They stole me my phone", yochokera ku "anandibera". "Steal" amatenga chinthu, "rob" amatenga munthu kapena malo: "They stole my phone." "They robbed me." "I was robbed of my phone." "They robbed a shop in Chitungwiza." Nyumba ikathyoledwa, "Thieves broke into the house."

Mawu a kukhoti ndiye osalola kusintha ngakhale pang'ono. Werengani nkhani za milandu ya kukhoti la ku Rotten Row m'nyuzipepala, mupeza mndandanda womwewu tsiku ndi tsiku:
"He was arrested for theft."
"He was charged with theft."
"He was accused of stealing a car."
"She pleaded guilty to fraud."
"He was convicted of assault and sentenced to two years in prison."
"She was acquitted of all charges."
"He was granted bail." kapena "He was remanded in custody."
"They appealed against the sentence."
Zonsezi n'za milandu, koma aperekezi asanu osiyana: for, with, of, to, against. Mlandu amati "commit a crime", umboni "give evidence", dandaulo "lodge a complaint". Pena pamene tikugwirizana ndi Mngerezi ndi pa kuswa lamulo, nayenso amati "break the law".

Madalitso, Avondale: Ine ndili ndi funso lotsutsa pang'ono, aphunzitsi musakwiye. Tadala wanena kuti mng'ono wake akulemba mayeso. Tonse muno timati "write an exam". A ku Britain amati "sit" kapena "take". Tsono nafenso tikulakwitsa? Chifukwa ngati dziko lonse likunena choncho, aphunzitsi ndi nduna zomwe, ine sindikuona cholakwika.

Aphunzitsi Banda, Highfield: Simukulakwa. "Write an exam" ndi Chingerezi chokhazikika cha kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo ku Canada ndi ku India amateronso. Wochonga wa ZIMSEC sangadule mzere pamenepo. Pali kusiyana pakati pa mawu amene ophunzira a dera lonse anawalandira, amene mumawapeza m'makalata a boma, ndi mawu amene mwana wamasulira m'mutu mwake kuchokera ku Chichewa. "Write an exam" ili m'gulu loyamba. "Drink tablets" ili m'gulu lachiwiri.

Mayi Nangozo, Dzivarasekwa: Ine pamenepo ndisiyana nanu pang'ono aphunzitsi. Kwa wa ZIMSEC zili bwino. Koma amene akulemba IELTS kapena OET asankhe mawu amene aliyense padziko angawalandire, "take an exam". Simudziwa kuti pepala lanu ligwera m'manja mwa ndani. Chimodzimodzi "fall pregnant". Kuno ndiyofala, ku Britain ndi ku Australia imamvekanso, koma m'kalata ya chipatala lembani "She became pregnant" kapena "She is 20 weeks pregnant".

Aphunzitsi Banda, Highfield: Pamenepo sitikutsutsana amayi, nkhani ndi yoti akuwerenga ndani. Koma ndiwonjezere imodzi imene ili pakati, "keep time". Ife timati kusunga nthawi, ndipo pamakhadi a ukwati mumaona "Please keep time". Kwa Mngerezi wotchi yolondola ndi imene "keeps good time", ndi woimba ng'oma wosaphonya. Munthu ndi "be on time" kapena "be punctual". M'chimangirizo ine ndimalangiza kuipewa.

Amalume Kamanga, Mabvuku: Olo mulembe Chingerezi chanji pakhadipo, ukwati wa 10 koloko uyamba 1 koloko basi.

Madalitso, Avondale: Kkkk amalume. Chabwino, ndigawireko njira zofufuzira nokha mukakayikira, kuti musamadikire aphunzitsi.

Yoyamba ndi dikishonale ya ophunzira. Oxford Learner's Dictionaries, Cambridge Dictionary ndi Longman zili pa intaneti ulere. Chinsinsi chake ndi ichi: fufuzani dzina, osati mneni. Ngati simukudziwa choika kutsogolo kwa "decision", musatsegule "make" chifukwa ali ndi matanthauzo ambirimbiri ndipo musochera. Tsegulani "decision", muwerenge ziganizo zachitsanzo. Mupezamo "make", "take", "reach", "come to". Pali ndi buku la ntchito yomweyi basi, Oxford Collocations Dictionary, limene pa dzina lililonse limandandalika afotokozi, aneni ndi aperekezi ake.

Yachiwiri ndi Google Books Ngram Viewer. Lembani heavy rain,strong rain ndi chizindikiro cha koma (,) pakati, musankhe British English. Itulutsa mizere iwiri yosonyeza kuchuluka kwa mawuwo m'mabuku. Mzere wa "strong rain" umakwawa pansi. Mukaika kanyenyezi m'malo mwa mawu amene mukufuna, monga * a decision, imakupatsani mawu khumi ofala kwambiri pamalo amenewo. Chenjerani, imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pokhapokha mutaiuza kuti isatero.

Chimene sindilangiza ndi kungolemba mawuwo pa Google wamba n'kuona kuti atuluka. Atuluka ndithu, chifukwa anthu olakwitsa ngati ife ndi ambiri padziko. "Discuss about" mungaipeze masamba osawerengeka.

Aphunzitsi Banda, Highfield: Madalitso wanena zoona pa kufufuza dzina. Kope la mwana likonzedwenso motero. Tadala, mugulireni kope lapadera. Tsamba lililonse dzina limodzi pamwamba, ndipo m'munsi mizere itatu yotsika: aneni, afotokozi, aperekezi. Tsamba la "exam" likhala ndi take, sit, pass, fail, revise for, kenako final, difficult, written, kenako "in the exam". Pansi pake alembe ziganizo ziwiri zake, zokhudza moyo wake, dzina la sukulu yake, msewu wa kwawo. Chiganizo chokopera m'buku chimauluka msanga.

Asapitirire mayina atatu patsiku. Mawa lake aphimbe mizereyo ndi dzanja n'kuyesa kunena pamtima, abwerezenso pakatha masiku atatu, kenako pakatha sabata. Kuyambira lero mpaka November adzakhala ndi mayina oposa 100, ndipo amenewo ndi okwana chimangirizo cha mawu 350 mpaka 450 cha Paper 1. Ayambe ndi mayina amene amabwerabwera m'mitu ya mayeso: accident, journey, money, friend, rain, fire, crime, job, school, family, mistake, promise.

Chimene chimalephereka kawirikawiri ndi mndandanda wautali wotumiziridwa pa WhatsApp, mawu 500 opanda chiganizo n'chimodzi chomwe. Mwana amaloweza "pay attention" koma sadziwa kuti imatsatidwa ndi "to", ndiye amalemba "pay attention on the teacher". Theka la ntchito lili pa kamawu kotsatirako.

A Mbewe, Glen View: Vuto lina ndi thesaurus, buku la mawu ofanana tanthauzo. Mwana amauzidwa kuti "big" ndi mawu achibwana, ndiye amakatola "enormous", "vast", "bulky" n'kumamata paliponse. Zotsatira zake ndi "a bulky mistake". Mawu ofanana tanthauzo sakhala ndi abwenzi ofanana. "Fast" ndi "quick" ndi amodzi, koma "fast food", "a fast car", pamene "a quick shower", "a quick look". "Tall" ndi "high": "a tall man", "a tall tree", koma "a high wall", "a high mountain". Kulakwitsa kwakukulu ndi "a big mistake", "a serious mistake", "a terrible mistake", "a costly mistake". Zinayizo zikukwana.

Aonjezi nawonso ali choncho. M'malo mwa "very" paliponse: "deeply sorry", "highly recommended", "fully aware", "seriously injured", "bitterly cold". Kuzizira kwa June muno mu Harare ndi "It was bitterly cold". Koma musasinthanitse, "highly sorry" kulibe.

Mayi Phiri, Waterfalls: "Say" ndi "tell" tisaiwale. "Tell" amafuna munthu: "She told me the truth." "Say" safuna: "She said that she was tired." "She said to me" ndi yololedwa, "She said me" ayi. Ndipo bodza, choonadi, nthano ndi nthabwala zonse ndi za "tell": "tell a lie", "tell the truth", "tell a story", "tell a joke". Pemphero ndi "say a prayer".

Aphunzitsi Banda, Highfield: Tadala, mupatseni mwanayo izi akonze usiku uno, osayang'ana pamwambapa.
1. She is married with a teacher from Marondera.
2. I congratulated him for passing his exams.
3. My brother is good in mathematics.
4. The landlord rose the rent again.
5. We ate Christmas in Lilongwe.
6. The nurse told me to drink the tablets after eating.
7. He did a promise to return back the money.

Tadala, Mufakose: Wayankha chonchi aphunzitsi.
1. She is married to a teacher from Marondera.
2. I congratulated him on passing his exams.
3. My brother is good at mathematics.
4. The landlord raised the rent again.
5. We enjoyed Christmas in Lilongwe.
6. The nurse told me to take the tablets after eating.
7. He made a promise to return the money back.

Aphunzitsi Banda, Highfield: Wayesetsa. 1, 2, 3, 4 ndi 6 wakhoza. Pa 1 adziwenso kuti "married with" ilipo koma tanthauzo lake ndi lina: "She is married with three children", ali pabanja ndipo ali ndi ana atatu. Pa 4, "raise" amafuna chinthu chokwezedwa, "rise" amakwera yekha: "The rent rose again."

Pa 5 chiganizo chake n'cholondola, koma chasuntha tanthauzo. Kudya Khirisimasi kwinakwake ndi "We spent Christmas in Lilongwe" kapena "We celebrated Christmas in Lilongwe". "Enjoyed" ikunena kuti kunakoma, pamene mwina kunali maliro.

Pa 7 wakonza "made" koma "back" wangomusamutsira kumapeto. Achotseretu: "He made a promise to return the money." Ngati akumufunabe "back", asinthe mneni: "He promised to pay the money back." Alembe ziwiri zonsezo patsamba la "money", pamodzi ndi borrow, lend, owe, save, spend ndi waste, ndipo mawa anditumizire chiganizo chimodzi pa mneni aliyense.